Imfa timagawana, nanga nyama bwanji akudya mmodzi?

Sabata ino bwalo mwandipatsa ine, ndipo ndikudziwa kale kuti ena mukangoona kuti ndi nkhani ya gemu mudutsa ngati mukudutsa pa benchi ya tomato wowola. Dikirani kaye. Bawo nayenso ndi masewera, koma ine ndinaonapo madoda a imvi zawo atasiya kupatsana moni mwezi wathunthu chifukwa cha nkhomo imodzi. Paliponse pamene anthu akugawana kanthu, ngakhale kakhale manambala a pa TV, mlandu susowa. Wanga ndi uwu.

Mlongo wanga wamng'ono ali ndi kashopu ka magemu kuseri kwa msika womwe ndimagulitsako usipa. Ma TV anayi, ma PS4 anayi, mabenchi awiri ndi karauta ka intaneti. Mkati mwa sabata mumadzaza ana osewera mpira. Lamlungu masana, tikaweruka ku tchalitchi, timatseka chitseko, akuluakulu n'kusonkha ya bandulo, n'kuika Battlefield 4. Ndi gemu yakale, inatuluka mu 2013, yopangidwa ndi kampani ya DICE ya ku Stockholm m'dziko la Sweden, ndipo amaigulitsa ndi a EA. Anthu 64 amalowa pa nkhondo imodzi, 32 mbali iyi 32 mbali inayo, aliyense ali kwawo, ena ku Ulaya, ena kaya kuti. Mumalimbirana mbendera zomwe zamwazikana pa mapu. Muli oyenda pansi, muli akasinja, maboti, ndege za liwiro, ndiye muli mahelikopita.

Ine ndimayendetsa helikopita. Sindinasankhe chifukwa cha chikondi, ayi. Ndi mfuti m'manja ndine wolephera, ndipo netiweki yathuyi simandithandiza: maseva ali kutali, munthu wa ku Ulaya amakhala atandiona kale ine ndisanamuone, pofika poti ndidine batani ndagona. Koma helikopita imafuna mtima wodekha kuposa chala chothamanga. Ndinatha miyezi ndikuigwetsera m'madzi ndi pa makoma m'malo ophunziriramo omwe gemuyi ili nawo, otchedwa Test Range, mpaka dzanja linazolowera. Lero anyamata a m'shopumo akafuna kukwera m'mwamba amayang'ana kwa ine.

Mwezi watha tinati tipange kampikisano. Anthu eyiti, aliyense K3,000, zonse K24,000. Anayi asewere magemu awiri, anayi enawo awiri, ndipo amene mapointi ake aposa onse pa bolodi atenge ndalama zonse. Ifeyo tinagwera mapu a Siege of Shanghai, aja ali ndi chinyumba chachitali pakati chomwe chimagwa mukachiphwanya mizati. Ndinatenga UH-1Y Venom, helikopita yonyamula asilikali ya mbali ya America. Mlongo wanga anakhala pa chiwaya cha kumanja, mnzake pa cha kumanzere, wachinayi anati iye ayenda pansi. Tinauluka bwino tsiku limenelo kuposa masiku onse. Magemu awiri atatha, mlongo wanga anali ndi ma kill opitirira 40, atafa katatu. Ine ndinalibe kill ngakhale imodzi, nditafa katatu komweko, nthawi yomweyo, m'helikopita yomweyo. Iye anali pamwamba pa anthu eyiti onse. Ine ndinali kumunsi, pansi pa mnyamata wina amene anatha gemu yonse atagona pa denga ndi mfuti ya patali osathandiza aliyense.

Anatenga ndalama zija, n'kundigulira botolo limodzi la zoziziritsa kukhosi. Nditayamba kuyankhula anati, "Achemwali, tinagwirizana kuti wapamwamba pa bolodi. Bolodi si ine ndinalemba." Ndiye mnzake wina anawonjezera mchere pa bala: "Amayi, lero ndiye takunyamulani." Eti andinyamula. Ine amene ndinawanyamula zenizeni, m'mwamba, mphindi zonsezo, ndine ndanyamulidwa. Mxii.

K3,000 imandiwawa, ndisanene bodza. Ndi milu ingapo ya usipa imeneyo. Koma nditagona nayo nkhaniyi ndinaona kuti mlongo wanga ananena zoona pa chinthu chimodzi. Bolodi si iye analemba. Choncho ndewu yanga ndi ya bolodi ndi amene analipanga, komanso ya onse amene amalikhulupirira ngati sikelo ya golide.

Ndikuuzeni kaye ntchito ya woyendetsa Venom, chifukwa amene simunakwerepo mungaganize kuti ndi kungokhala pa mpando wa kutsogolo. Woyendetsa helikopita yonyamula anthu alibe mfuti. Alibiretu. M'helikopitamo muli mipando isanu: wake, iwiri ya ziwaya, ndi iwiri ya okwera wamba. Ziwayazo zili m'mbali, ndiye kuti wowombera aone mdani, woyendetsa ayenera kupendeketsa helikopita ndi kuzungulira malowo mbali yoyenerayo itayang'ana pansi. Ukakwera kwambiri zipolopolo zimamwazika osagunda. Ukatsika kwambiri kasinja amakutola ndi mzinga umodzi, kapena munthu wa RPG amene wabisala pa windo. Ukaima malo amodzi wadzipha wekha. Ukathamanga kwambiri wowombera amakutukwana kuti sakuona kanthu. Nthawi yonseyi khutu lili pa kaphokoso kaja kolira munthu wa Stinger kapena IGLA akakuloza. Uli ndi ma flare, timoto tosokoneza mzinga, koma ukangotaya uyenera kudikira asanabwerenso ena, ndiye uyenera kudziwa kuti kulira uku n'kongoopseza, uku ndiye mzinga wanyamukadi. Ukawataya msanga, wachiwiri umakupeza uli chimanjamanja. Uyenera kukhala utadziwa kale nyumba yomwe ukabisale kuseri kwake, njira yothawira, ndi malo oti utere kuti injiniya akonze. Zonsezi ukuzichita ndi zala ziwiri, moyo wa anthu anayi uli pa iwe.

Ndiye gemu imalipira bwanji? Wowombera akapha munthu amalandira mapointi 100, ndipo pa bolodi, pansi pa chilembo K, nambala yake imakwera. Woyendetsa amamuponyera timapointi tothandizira, tosafanana ndi ta mnzakeyo, ndipo K yake siyisuntha. Koma mzinga ukatipeza, pansi pa chilembo D aliyense amalembedwa imfa yake yathunthu. Palibe zoti woyendetsa wafa kotala poti sanaphe. Apa ndi pomwe pali chinyengo chonse. Gemu imavomereza kuti ndife thupi limodzi pa nthawi ya maliro, koma pa nthawi ya phwando imatiuza kuti aliyense ndi mbale yake.

Ku msika ndinaphunzira kuti munthu amagwira ntchito yomwe ukumulipira, osati yomwe ukumuuza. Ukalemba mnyamata n'kumati ndizikupatsa pa mulu uliwonse wogulitsa, usadabwe akamasiya benchi ili yosasesa ndi nsomba zili pa dzuwa. Sikuti ndi woipa mtima. Wawerenga masamu ako bwino. Osewera nawonso amawerenga masamu a bolodi, ndipo zotsatira zake aliyense amene anasewerapo gemuyi anaziona. Helikopita ili pa bwalo, anthu awiri akhala kale pa ziwaya, akuwombera m'mwamba mopanda cholinga, mpando wa kutsogolo uli wopanda munthu. Aliyense akudikira chitsiru choti chiwayendetse. Kenako akubwera wa mfuti ya patali, akulowa kutsogolo, akuulutsa molunjika ku denga la chinyumba chachitali, akudumpha ndi parachuti, helikopita n'kukagwera m'madzi ndi anthu ali momwemo. Kwa iye inali kabaza chabe. Timu yonse idikire kuti ina ituluke. Timawatukwana anthu oterewa, inenso ndimawatukwana, koma tinene zoona: bolodi silimulanga, ndipo akanakhala m'mwamba n'kumayendetsa anzake bwinobwino silikanamuyamika.

Tsono ndisaoneke ngati ndikulirira mpando wanga wokha. Wowombera nayenso ali ndi mlandu wake, makamaka m'helikopita zankhondo za mipando iwiri, monga AH-1Z Viper, Mi-28 Havoc ndi Z-10W. Mmenemo woyendetsa ali ndi maroketi ake, wowombera ali ndi mfuti yaikulu ya pansi pa mphuno. Poti aliyense akuwerengedwa payekha, anthu awiri a m'ndege imodzi amasanduka opikisana. Wowombera walimbana ndi kasinja, wamufooketsa, wangotsala pang'ono, woyendetsa akutembenuza mphuno kuti maroketi ake ndiwo amalize. Potembenukapo wamusokonezera mnzake cholinga. Ena safuna n'komwe wokwera naye: amanyamuka okha mnzawo akuthamangira, akafika m'mwamba amasintha mpando, kuwombera mzinga wa TV kuchokera pa mpando wa wowombera, n'kubwerera kutsogolo helikopita isanagwe. Luso lilipo, sindikana, koma ndi luso la munthu amene wapeza njira yodyera mbale ziwiri yekha. Ndipo zikavuta, woyendetsa amadumpha osatsanzika, wowombera ali kalikiliki kuyang'ana pansi, amangozindikira nthaka ikubwera. Wowombera alibe chiwongolero. Amafera zolakwa za wina, ndipo imfayo imalembedwa pa dzina lake. Kotero ine sindikunena kuti woyendetsa ndiye bwana. Ndikunena kuti bolodi limatenga anthu oyenera kukhala amodzi n'kuwadanitsa.

Mawu omwe ndawamva kwambiri chiyambire kudandaula ndi akuti, "Wadina ndiye wapha, basi." Amamveka ngati nzeru, koma gemu yomweyi siiwakhulupirira. Mu Battlefield 4, ukamuwombera munthu n'kumuchotsa moyo wochuluka, kuyambira 75 pa 100, wina n'kudzangomalizitsa, gemu imakulembera iwenso kill. Imalemba poyera pa TV kuti thandizo lako lawerengedwa ngati kupha. Ndiye kuti opanga gemu anakhala pansi n'kugwirizana kuti chala chomaliza si ndicho chokha chagwira ntchito. Chifundo chimenecho anachitira woyenda pansi. Nanga amene wanyamula mfuti yonse, wainyamulira pamalo oyenera, waipendeketsa, waiteteza ku mizinga, ntchito yake siyifika 75 pa 100? Muchotseni muone ngati chiwayacho chingaphe ngakhale nkhuku chili pa bwalo.

Ngakhale kunkhondo yeniyeni, komwe gemuzi zimakopera, sanaganize ngati bolodi lathuli. Mu 1972, pa nkhondo ya ku Vietnam, asilikali a America ankauluka ndi F-4 Phantom, ndege ya mipando iwiri: kutsogolo woyendetsa, kumbuyo woyang'anira radar ndi zida. Ikagwetsa ndege ya adani, onse awiri ankalembedwa kuti agwetsa imodzi. Wogwetsa zisanu amatchedwa ace. Randy Cunningham ndi Willie Driscoll anafika zisanu tsiku limodzi, pa 10 May 1972, ali m'ndege imodzi, wina kutsogolo wina kumbuyo. Charles DeBellevue, wa mpando wa kumbuyo, anafika zisanu ndi imodzi, kuposa Steve Ritchie amene anamuyendetsa pa zinayi mwa izo, yemwe anathera pa zisanu. Kumeneko kawirikawiri wodina anali wa kutsogolo, koma palibe anauza wa kumbuyo kuti iwe wanyamulidwa. Sindikutamanda nkhondo, kumeneko kunafa ana a anthu enieni, osati zithunzi zodzukanso pakatha masekondi. Ndikungoti anthu amene moyo wawo unalidi pa chiswe anadziwa kuwerenga ndege ngati chinthu chimodzi, pamene ife osewera pa benchi tikulephera.

Koma sindifunika kupita ku Vietnam. Ndikapita kunyanja kukaoda usipa ndimaona mmene a chilimira amachitira. Usiku pamakhala siginala ndi nyali zake, amene amasaka ndi kukopa nsomba, pamakhala alovi oponya ndi kukoka khoka, pamakhala wogwira injini. Kukacha, nsomba zikagulitsidwa, achotsa za mafuta, mwini zipangizo atenga gawo lake, zotsala agawana monga anapanganirana. Amakangana, inde, nthawi zina mpaka kugwirana m'makolala, za kukula kwa gawo la uyu ndi uyo. Koma sindinamvepo munthu akufunsa kuti usipa uwu wakodwa mbali ya khoka yomwe anakoka ndani. Funso limenelo angakuseke nalo doko lonse. Bwato limabwera ndi nsomba, kapena limabwera lopanda.

Pali gemu ina, PlanetSide 2 ya mu 2012, imene inafika poipa kuposa apa pa nkhani ya mpamba. Muli ndege yotchedwa Liberator, ya mipando itatu. Woyendetsa ndiye amalipira kuti ndegeyo ituluke, ndi chuma cha m'gemumo chotchedwa nanites, ndipo mfuti zonse za pa ndegeyo amazitsekula ndi iye, ndi ma cert ake omwe wawavutikira. Cert imodzi imabwera pa mapointi 250. Koma mfuti yaikulu ya pamimba, monga ija amati Dalton, amagwira ndi wa mpando wachiwiri. Woyendetsa amalandirako mapointi mnzakeyo akapha, koma kill ndi ya wowombera. Ganizani: mpamba wako, thiransipoti yako, benchi yako, koma dzina lolembedwa m'buku la phindu ndi la amene wapereka chenji.

Ndiye ine ndikufuna chiyani? Mphika umodzi. Chilichonse chimene ndege yapanga, kaya wapha ndi woyendetsa kaya ndi wowombera, kaya kasinja waphulika, kaya mdani waonetsedwa kwa timu, mapointi ake agwere mumphika wa ndegeyo, ogwira ntchito m'menemo agawane mofanana. Kill ilembedwe kwa onse, koma mu mzere wakewake wa ndege, kuti woyenda pansi asanamizidwe kuti uyu anapha anthu 40 ndi manja ake. Ndege ya mipando iwiri ikanyamuka ndi munthu mmodzi, alandire theka lake lokha. Theka la mpando wopanda munthu lipite ndi mphepo. Muone ngati angamusiyenso mnzake pa bwalo.

Ndikudziwa oyenda pansi mwayamba kale kutukula nsidze. Mukuti, anthu a m'mwambawa akudya kale mopitirira, munthu mmodzi pa Viper amatha gemu ali ndi ma kill 60 atafa kawiri, ife tikungodzuka n'kufa, ndiye mayi awa akufuna awonjezeredwe? Mkwiyo wanu ndimaumva, ndinakhalapo pansi ndikuthawa helikopita yomwe palibe akuigwetsa. Koma werengani bwino zomwe ndanena. Sindinapemphe kuti mphika ukule. Ndati ugawidwe. Katswiri uja wa ma kill 60, amene lero amakhala pamwamba pa bolodi yekha, mawa adzagawana ndi mnzake, ndipo mapointi ake adzatsika. Amene adzakwere ndi woyendetsa Venom amene anakutulani pa mbendera, ndi wowombera amene amakutetezani kwa wa RPG. Ngati helikopita ili ndi mphamvu zopitirira muyeso, imeneyo ndi nkhani ina, ya kuchepetsa zida zake kapena kulimbitsa za pansi monga Tunguska ndi LAV-AD. Musalange wantchito chifukwa galimoto ya bwana ndi yaikulu.

Ena akuti mphika umodzi udzabala alesi: munthu azingolowa pa mpando, kuika padi pansi, kupita kukagula chipisi, mapointi akulowa. Limeneli ndi dandaulo lenileni ndipo silifunika kulinyoza. Koma gemu imene imawerenga chipolopolo chilichonse chomwe wawombera chiyambire, mpaka kukuuza kuti pa 100 unagunda zingati, singalephere kudziwa kuti munthu uyu sanagwedeze chala mphindi yathunthu. Gawo lipite kwa amene wawombera n'kugunda, waonetsa mdani, kapena wakonza ndege posachedwapa. Wogona asadye, ngati mmene mlovi wogona m'bwato sawerengedwera. Ndipo wodumpha m'ndege yabwinobwino n'kusiya anthu m'mwamba, zonse zomwe anapeza pa ulendo umenewo zitsalire omwe wawasiyawo. Apa sindisekerera.

Pamene ndikuvomereza kuti maganizo angawa akutsimphina ndi pa Venom yomweyo. Tikagawana atatu, wowombera aliyense adzapeza zochepa kuposa lero, mwina mpaka kuchepera woyenda pansi wakhama, ndiye tingadzapezeke tatembenuza vuto: woyendetsa alipo, ziwaya zilibe anthu. Mankhwala ake ndi kuwerengera ndegeyo ntchito yomwe anaipangira. Helikopita yonyamula anthu si ya kupha kwenikweni. Ndi minibasi ya nkhondo. Anzako akafa amadzukira m'menemo m'malo moyamba ulendo kuchokera kutali. Umawatula kuseri kwa adani. Mbendera yomwe inakanika kutsogolo imalandidwa chakumbuyo. Anthu amene ndawatula akalanda mbendera pasanathe nthawi, gawo lina la mapointi amenewo ligwere mumphika wa ndege. Mwa njira imeneyi mphika wa Venom umakula chifukwa cha ntchito yopambanitsa timu, osati chifukwa chozungulira pamwamba pa anthu ongodzuka kumene n'kumawathira zipolopolo. Kuchuluka kwake kwenikweni akayese okha a DICE, ndi ntchito yawo, amalipidwa. Ine ndikungowaonetsa pomwe denga likudontha.

Chomwe chimandipsetsa mtima n'choti vutoli amalidziwa, koma amalizemba. Mu Battlefield 4 momwemo muli chindege chachikulu cha AC-130, chodzaza ndi mfuti. Mukudziwa amachiyendetsa ndani? Palibe. Chimazungulira chokha m'mwamba, osewera amangolowa pa mipando ya mfuti. Ndiye kuti atafika pa funso loti woyendetsa chindege chopanda mfuti ya kutsogolo tidzamulipira bwanji kuti asatope, yankho lawo linali kumuchotsa ntchito. Kenako mu 2021 anatulutsa Battlefield 2042 yopanda bolodi lija tinalizolowera, loonetsa aliyense ma kill ndi imfa zake. Osewera anakwiya kwambiri, ndipo mu March 2022 bolodi linabwezeretsedwa. Phunziro lomwe ndinatolapo ine ndi lakuti anthu safuna kubisiridwa sikelo. Kasitomala akakayikira sikelo yako sumaibisa pansi pa benchi n'kumuuza kuti tiyeni tingokhulupirirana. Umaikonza, n'kuiika poyera.

Atsala aja amati, "Aaa, inu, ndi gemu chabe, sewerani musangalale, mapointi si ndalama." Mawu amenewa ndimawadziwa bwino. Ndi achibale a aja akuti "pa chibale sitiwerengerana," omwe nthawi zonse amatuluka m'kamwa mwa amene watenga katundu pa ngongole. Sindinamvepo munthu wa kumunsi kwa bolodi akunena kuti mapointi alibe ntchito. Amanena ndi wa pamwamba, atajambula kale bolodilo pa foni. Mapointi ndi amene amakweza udindo wako m'gemu, ndi amene amatsekula zida. Ndipo kuposa zonsezo, ndi chilankhulo chokhacho chomwe anthu 64 osadziwana, osamvana zinenero, amagwiritsa ntchito pouzana kuti uyu ndi wofunika, uyu ndi katundu. Munthu wa ku Poland kapena ku Turkey amene ndamutula pa mbendera katatu sadzandidziwa dzina. Chomwe adzaone gemu ikatha ndi mzere wanga: ziro, zitatu. Mlongo wanga amene, wa bere limodzi, amene anali nane m'helikopita imodzi n'kumakuwa "bisalani achemwali, bisalani!", atayang'ana bolodi anakhulupirira bolodi kuposa maso ake.

Ndipo pali china chomwe amuna a m'gulu lino mwina simungachione msanga. M'shopu muja mkazi ndimakhala ndekha. Ndikalakwitsa, si ine ndalakwitsa, ndi "azimayi". Ndikachita bwino pa ntchito yomwe bolodi siliwerenga, palibe umboni. Ntchito yonyamula ena, yoteteza ena, yokonza zomwe ena aphwanya, n'kumaliza tsiku uli ndi ziro pa dzina lako, ambiri a ife sitinaiyambire pa PS4. N'chifukwa chake mwina mawu aja akuti "takunyamulani" anandilowa kwambiri kuposa mmene mwini wake anaganizira.

Masabata awiri sindinapondeko ku shopu. Lamlungu lapitali ndinapita, ndinasonkha yanga ya bandulo, ndinakhala pa TV ya kumapeto. Mapu omwewo a Shanghai. Ndinasankha injiniya, ndinanyamula Stinger, n'kuyamba wapansi. Venom inali pa bwalo, mlongo wanga ali kale pa chiwaya cha kumanja, mnzake kumanzere. Anadikira. Kenako anatembenuka pa benchi.

"Achemwali, tiyeni."

Ndinati, "Yendetsa wekha, si iwe wapamwamba?"

Analowadi kutsogolo. Ananyamuka chopendekera, anakhula chipupa cha nyumba yoyamba, anawongola, wa IGLA anamuloza, anataya ma flare kulira kusanathe n'koyamba komwe, mzinga unamupeza pamwamba pa madzi. Mnzake uja wa "takunyamulani" anafera momwemo osawombera chipolopolo chogunda. Shopu yonse inafa ndi phwete, ine ndinangoyang'ana TV yanga.

Ndamuuza kuti ndibwerera pa mpando wa kutsogolo zinthu ziwiri zikachitika. Choyamba, m'shopu muno mpikisano uliwonse ndege iziwerengedwa ngati munthu mmodzi, tiziphatikiza mapointi a okwera n'kugawa tokha pa pepala, poti a ku Stockholm sanatichitire. Chachiwiri, K24,000 ija igawidwe patatu, andipatse K8,000 yanga, achotsepo ya botolo lija ngati akufuna. Choyambacho wavomera. Chachiwiricho akuti aganize kaye, ndalama analipirira lendi.